Ulendo wa mayi Bertha Benz

Abale, Benz ikamadutsa timangoti galimoto ya mabwana, koma ine amene amandigwira mtima pa mbiri yake ndi mayi Bertha Benz.

Amuna awo, a Carl Benz, analembetsa umwini wa luso la galimoto ya matayala atatu imene anapanga ku Germany mu Januwale 1886, koma ogula sankabwera. Mu Ogasiti 1888 mayiwa analawirira m'mamawa ndi ana awo aamuna awiri, bambo asakudziwa, n'kuuyatsa ulendo wochoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim, mtunda wopitirira makilomita 100. Malo omwetsera mafuta kunalibe, moti anakagula musitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Paipi ya mafuta itatsekeka, anaizibula ndi phini wa chipewa chawo. Mabuleki athabwa atayamba kuperepeseka, anapeza wosoka nsapato kuti akhomerepo zikopa. Pa zitunda ankachita kukankha! Mtima woterewu ndimaulemekeza kwambiri.

Mercedes-Benz inabadwa mu 1926, kampani ya Benz itaphatikizana ndi ya Daimler. Komatu ndalama zimene zinachirikiza bizinesi ya a Carl poyamba zinachokera kwa mayi omwewa, asanakwatirane n'komwe.