Batire ya foniyi yandigwira mtima

Magetsi azima kuyambira m'mamawa kuno ku Chitakale, koma taonani, ndikulemba positi ino batire ikadali pa theka! Galaxy A15 ndinakagula ku Limbe ija yandisangalatsa zedi abale anga. Batire yake ndi ya 5000mAh, ndipo tsiku lonse ndakhala pa WhatsApp ndi makasitomala anga a zinanazi, kulandira ndalama pa Airtel Money, osaganizako zokatchajitsa pa msika. Kamera ya 50MP nayonso ili bwino, phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi zatuluka mochititsa kaso.

Mtengo wokha ndiye ukuwawa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe kale unkagula nayo foni yapamwamba lero ikungokwana yapakatikati ngati iyi. Ndiye inu amene mukusunga ku banki mkhonde kuti mugule yanu, musatengeke ndi kuchuluka kwa makamera kumbuyoku. Kwa ife a geni, foni ikazima masana ndiye kuti oda yapita kwa wina. Funsani kaye za batire, ndipo malo osungira zinthu akhale 128GB, chifukwa mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a pachibale amadzadza foni msanga.