Ntchito ya matabuleti m'sukulu za kumudzi imafuna munthu wotani?

Achinyamata ambiri amene aphunzira zamakompyuta ku Mzuni kapena ku MUBAS akamva za matabuleti m'sukulu za pulayimale amaganiza kuti ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu. Mapulogalamuwo alipo kale. A bungwe lopanga mapulogalamu a maphunziro la onebillion, mogwirizana ndi bungwe la anthu ogwira ntchito mongodzipereka la VSO, anayesa pulogalamu yawo ya masamu m'Chichewa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo kuyambira 2023 boma likufalitsa ntchitoyi kudzera mu ndondomeko yake ya matabuleti m'sukulu yotchedwa BEFIT kuti ifikire ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zake zonse. Amene akufunika kwambiri tsopano ndi anthu oonetsetsa kuti zipangizozo zikugwirabe ntchito chaka chachitatu, kusukulu imene galimoto silifika mvula ikagwa.

Yambani ndi magetsi. Tinene kuti tabuleti imodzi imadya mawati 20 pa ola limodzi kuti idzaze, ndipo sukulu ili ndi matabuleti 50. Ndiye kuti patsiku pakufunika mphamvu yofanana ndi mawati 1,000 pa ola limodzi. Dzuwa lamphamvu limakhalapo maola ngati asanu, choncho papepala sola ya mawati 200 ikukwana. Osakhulupirira pepalalo. Mphamvu ina imatayikira m'mawaya ndi m'batire, fumbi la mu Okutobala limaphimba sola, ndipo mu Januwale mitambo imatha kukuta masiku atatu. Ikani ya 300 kapena kuposa. Batire la mtovu likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga, ndipo chimene chimalitsitsa nthawi zambiri ndi mafoni a m'mudzi amene amabwera kudzatchajidwa madzulo. Kukalipa sikuthandiza. Khalani pansi ndi komiti ya sukulu ndi amfumu, mugwirizane za amene azisunga kiyi wa kumene kuli batire.

Chimene chimayamba kufa si tabuleti ayi, ndi mahedifoni. Waya umaduka pafupi ndi polowetsera chifukwa ana amakoka. Mwana wa Sitandade 1 sanadziwe kuwerenga, malangizo onse amawamva ndi khutu, ndiye hedifoni ikafa phunziro lathera pomwepo ngakhale tabuletiyo ikuwala bwinobwino. Bajeti yopanda mahedifoni apadera ndi yolakwika kuyambira tsiku loyamba.

Kenako nthawi. Kalasi ya ana 100 pa matabuleti 50 ndi magulu awiri, ndipo pa mphindi 30 za gulu lililonse, khumi zitha kuthera kugawa ndi kutolera ngati aphunzitsi sanasankhiretu ana othandiza.

Apa ndi pamene ntchito ya zipangizo imakumana ndi ya mfundo za maphunziro. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kusowa kwa aphunzitsi, makalasi ndi nyumba zawo kumudzi sikunathe mpaka lero. Mungaphunzitse aphunzitsi awiri kagwiritsidwe ka matabuleti, chaka chamawa n'kupeza onse asamukira kutauni chifukwa pasukulupo palibe nyumba. N'chifukwa chake maphunzirowo ayenera kufika kwa aphunzitsi onse ndi a hedi, ndipo a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, aziwabwereza ku TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni yawo.

Wofuna kukhala katswiri wa mfundo aphunzire kuwerenga manambala mokayikira. Kaundula akati ana ndi 900, funsani amene anabwera Lachitatu lapitali, tsiku la msika. Matabuleti akaonetsa kuti ana anagwiritsa ntchito pang'ono mu Febuluwale, musafulumire kuloza aphunzitsi chala: ndi mwezi wa njala, ndipo mtsinje ukadzaza ana a kutsidya sawoloka.

Njira zolowera zilipo zingapo. Mphunzitsi wochokera ku TTC atha kupitiriza ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi kapena ya Nalikule, n'kudzagwira ntchito ya silabasi ku MIE, bungwe lokonza masilabasi, kapena ya kafukufuku ku CERT, nthambi ya kafukufuku wa maphunziro ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Wa zamakompyuta awonjezere kosi ya sola ya TEVETA, ndipo apemphe kukhala teremu yathunthu kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 2, atakhala pansi pamodzi ndi anawo, akulemba mphindi imene tabuleti yoyamba yayatsidwa ndi imene yomaliza yabwezedwa m'kabati.