Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Plough Lane ndi ku Wembley

Lolemba pa 26 May 2025, lomwe linali tsiku la tchuthi kuno ku England, ena mwa mamembala a gulu lathu la Amalawi okhala ku Leicester ndi madera oyandikira tinapita ku London kukacheza ndi masapota a timu ya AFC Wimbledon, komanso kukaonera masewero omaliza olimbirana malo mu League One, ligi yachitatu ku England, pakati pa timuyi ndi Walsall pabwalo la Wembley. Lipotili ndalembera anzathu amene anapanikizika ndi ntchito tsikulo, ndiponso akuluakulu a komiti ya timu ya kumudzi imene gulu lathu limaithandiza kwathu ku Malawi, pakuti ulendowu unabadwa chifukwa cha timu imeneyo.

Amene amabwera kumisonkhano akudziwa kuti nkhani ya timuyi yatizunguza mitu kwa nthawi yaitali. Timatumiza majezi, nsapato ndi mipira, zithunzi zimabwera pa WhatsApp anyamata atatchena, koma timu ikangogonja kangapo motsatizana, kapena mkulu wa bizinesi amene amalipira galimoto yopita kumasewero akoyenda akatopa, zonse zimaima ndipo osewera abwino amabalalika. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene ankagwira ntchito ya unamwino ku Tooting asanasamukire kuno, ndi amene anatiuza kuti ali ndi mnzawo wakale wa kuntchito, bambo wachikulire amene wakhala akuchemerera Wimbledon kuyambira ali mnyamata, ndipo kuti bamboyo anali wokonzeka kutilandira ndi kutithandiza kupeza matikiti.

Tinanyamuka kusanache pa minibasi ya hayala, kutsata msewu wa M1. Titafika pa zikwangwani zolozera ku Milton Keynes, a Tcheya anapempha kuti wailesi itsitsidwe, nayamba kufotokoza chifukwa chake dzina la tauni imeneyi silitchulidwa mwachisawawa pakati pa anthu amene tinkapita kukakumana nawo. Wimbledon FC inali timu yaing'ono ya kumwera chakumadzulo kwa London imene inadabwitsa dziko mu 1988 pogonjetsa Liverpool 1-0 m'ndime yomaliza ya chikho cha FA, Lawrie Sanchez atagoletsa ndi mutu ndipo goloboyi Dave Beasant atagwira penate ya John Aldridge. Mu 1991 timuyi inachoka pabwalo lake la Plough Lane, lomwe linali lakale ndi losakwanira malamulo atsopano oti aliyense azionera mpira ali pampando, n'kukakhala lendi pabwalo la Crystal Palace ku Selhurst Park. Pa 28 May 2002, komiti ya anthu atatu imene bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linasankha inaloleza eni timuyo kuisamutsira ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita pafupifupi 90, awiri atavomereza ndipo mmodzi atakana. Komitiyo inanenanso kuti kuyambitsa timu ina m'malo mwa yosamukayo sikungapindulire masewero a mpira. Timu yosamukayo inasintha dzina mu 2004 n'kukhala MK Dons.

Bambo amene anatilandira anayamba watitengera kumene kunali bwalo lakale, osati latsopano. Pamalopo pali nyumba zosanjikizana zogonamo anthu, ndipo midadada yake inapatsidwa mayina a osewera ndi aphunzitsi akale a timuyi, moti munthu wosadziwa mbiri angadutsepo osazindikira kanthu. Iwo anaima pafupi ndi mpanda, naloza ndi ambulera yawo mbali imene kunali golo ndi pamene ankaima ndi malemu bambo awo, kenaka anatiyendetsa kamtunda kochepa kwambiri kufika pabwalo latsopano, limene linamangidwa pamalo pomwe kale ankachitirapo mipikisano ya agalu othamanga. Bwaloli limalowa anthu 9,215, lili ndi mbali imodzi yaikulu ndi zitatu zocheperapo, ndipo nalonso lazunguliridwa ndi nyumba zogonamo. Tsikulo mtima wa aliyense unali ku Wembley, choncho tinangoliona chakunja n'kukakhala pansi pamalo ena omwera tiyi, ndipo m'pamene panachitikira zokambirana zimene ine ndikuziona kuti ndizo zinali phindu lenileni la ulendowu.

Bambo aja anatifotokozera kuti chigamulo chija chitangotuluka, masapota sanataye nthawi ndi kulira, koma anayambitsa timu yawo yatsopano, AFC Wimbledon. M'mwezi wa June chaka chomwecho anayitana aliyense wodziwa kumenya chikopa kuti abwere kudzayesedwa pa Wimbledon Common, dambo lalikulu la anthu onse, ndipo panafika anthu oposa 200. Masewero oyamba, opimana mphamvu ndi Sutton United, anagonja 4-0 pamaso pa anthu oposa 4,000. Anayambira mu Combined Counties League, ligi ya chinambala 9 kuwerenga kuchokera ku Premier League, kumene mabwalo ena anali ang'onoang'ono moti anthu ankasowa poima. Anakwera kasanu m'zaka 9, ndipo pakati pa 2003 ndi 2004 anasewera masewero 78 a mu ligi osagonja. Mu May 2011 anagonjetsa Luton Town pamapenate mumzinda wa Manchester n'kulowa mu League Two, ligi yachinayi, ndipo mu 2016 anaswa Plymouth Argyle 2-0 ku Wembley n'kukwera kupita mu League One.

Nkhani ya kukwerayi anaifotokoza mwachidule kwambiri, ngati kuti si imene inali kumtima kwawo. Pamene anachedwapo ndi pa za umwini. Timuyi ili m'manja mwa bungwe la masapota lotchedwa Dons Trust, limene lili ndi gawo lalikulu la masheya. Aliyense wopereka ndalama ya umembala ya pachaka ali ndi voti imodzi, kaya ndi mpondamatiki kaya ndi woyendetsa basi, ndipo mamembala ndi amene amasankha akuluakulu a bungwelo. Kugulitsa bwalo, kusamutsa timu kapena kupereka ulamuliro kwa munthu wina sikungachitike popanda mamembala ochuluka kwambiri kuvomereza. Amsungichuma athu, amene sachedwa kulunjika pa ndalama, anafunsa kuti, “Nanga bambo, ndalama za pageti zikalowa amazisunga ndani, ndipo inu mumadziwa bwanji kuti sizinadyedwe?” Yankho linali lakuti mabuku a chuma amawunikidwa ndi akatswiri apadera chaka ndi chaka ndipo amaperekedwa kwa mamembala, amene amafunsa mafunso pamsonkhano, nthawi zina mokalipa ndithu. Anawonjezera kuti kwa zaka zambiri ntchito zogulitsa matikiti ndi timabuku ta masewero, kupenta ndi kutola zinyalala pabwalo zakhala zikugwiridwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo iwo eni ake anagwirako ntchito ya pageti nthawi ya chisanu osaona chigawo choyamba cha masewero ambiri.

Umwini umenewu unayesedwa kwambiri kumapeto kwa 2019, pamene zinadziwika kuti ndalama zomalizira bwalo latsopano zaperewera ndi £11 miliyoni, ndipo panabwera ganizo loti anthu ena olemera alowetse ndalama posinthana ndi mphamvu zambiri pa timu. Masapota ambiri anakana, ndipo anakonza njira yoti anthu wamba abwereke timu ndalama zawo kwa zaka zingapo pa chiwongoladzanja chochepa chimene wobwereketsa ankasankha yekha, ena osafuna chiwongoladzanja n'komwe. Njirayi inapeza ndalama zoposa £5 miliyoni. Masewero oyamba pabwalo latsopano anachitika pa 3 November 2020, atalepherana 2-2 ndi Doncaster Rovers, koma chifukwa cha mliri wa Covid-19 anthu amene anadikira zaka 29 kuti abwerere ku Plough Lane anaonera pa kanema, mipando ili mbee.

Wolandira alendoyu sanatibisire kuti walira mvula walira matope. Timu yopanda mwini wolemera imakhala ndi thumba laling'ono, ndipo wosewera akangoyamba kuwala amagulitsidwa. Mu January 2022 wogoletsa zigoli Ollie Palmer anapita ku Wrexham, timu imene nthawi imeneyo inali m'ligi yotsika koma eni ake ali akatswiri a mafilimu a ndalama zawo. Kuchokera mu December 2021 mpaka ligi kutha, Wimbledon sinapambanenso masewero a mu ligi, ndipo inatsika kubwerera mu League Two, kumenenso chaka chotsatira inathera pafupi ndi kumchira. Mmodzi wa achinyamata athu, wochemerera Arsenal wa mtima bii, anafunsa ngati anthu sanasiye kubwera kubwalo, ndipo bambowo anaseka n'kuyankha kuti munthu sathawa nyumba imene ngongole yake akubweza yekha. Ngakhale m'chaka chimene tinkakaonera mapeto akechi munali tsoka lake: mu September 2024 mtsinje wa Wandle unasefukira usiku, madzi analowa pabwalo ndipo mbali ina ya kapinga inagumuka. Masewero a chikho cha Carabao amene Newcastle United imayenera kudzasewera ku Plough Lane anasamutsidwira ku St James' Park, kumene Wimbledon inagonja 1-0, ndipo msonkhamsonkha wa pa intaneti wokonzera bwalo unadutsa £100,000 m'masiku ochepa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuona kuti chiyenera kulembedwa ngakhale sichikometsa mbiriyi. Kuyambira 2002 Wimbledon inkasewera ku Kingsmeadow, bwalo limene linali kwawo kwa timu ina yaing'ono yotchedwa Kingstonian. Wimbledon inagula bwalolo, ndipo pofuna ndalama zomangira Plough Lane inaligulitsa kwa Chelsea, moti mu 2017 Kingstonian inachoka n'kuyamba kukhala lendi m'mabwalo a ena. A Kingstonian anapatsidwa ndalama zowathandiza, komabe anthu amene anamva kuwawa kwa kulandidwa malo ndi omwenso anachititsa kuti anzawo asowe pokhala. Bambo aja sanakane zimenezi pamene a Mlembi anazitchula, anangoti nkhaniyo imawavutabe.

Chakumasana tinakwera sitima pa Earlsfield kupita ku Waterloo, n'kusinthira ya pansi pa nthaka mpaka ku Wembley Park. M'sitimamo munali thothotho anthu ovala zobiriwira ngati mtambo ndi zachikasu, agogo ndi tidzukulu tawo, ndipo potsika masitepe opita mumsewu wa Olympic Way tinasakanikirana ndi a Walsall ovala zofiira popanda chipwirikiti chilichonse. Pabwalo panali anthu opitirira 50,000, pamasewero a matimu a m'ligi yachinayi. Mpira weniweniwo sunali wokoma m'maso, pakuti mbali zonse zinkaopa kulakwitsa, ndipo anyamata a mphunzitsi Johnnie Jackson, amene anagoletsetsa zigoli zochepa kuposa timu ina iliyonse mu League Two chaka chimenecho, anangotseka kumbuyo monga mwa chizolowezi chawo. M'mphindi zowonjezera za chigawo choyamba mpira unagwera Myles Hippolyte chakunja kwa bokosi, ndipo iye anauponya pansipansi mpaka mu ukonde. Mbali yathu yonse inadzambatuka, tiyi ndi mowa zili m'mwamba, koma bambo amene anatilandira anangokhala pampando atagwira chipewa ndi manja awiri, ndipo chigawo chonse chachiwiri maso awo anali pa wotchi ya pabwalo kuposa pa mpira. Walsall inapanikiza, mpira wina unachotsedwa pamzere penipeni goloboyi atadutsidwa kale, koma zinathera pa 1-0 pomwepo.

Ndinawamvera chisoni a Walsall, chifukwa mu January timu yawo inkatsogola ligi ndi mapointi 12, kenaka inayamba kuterereka mpaka kutaya malo okwera mwachindunji pa tsiku lomaliza la ligi. Potuluka tinayenda limodzi ndi bambo wina wa ku Walsall amene ananyamula mwana wake paphewa, mwanayo akulira, mbendera yofiira ikukwekwereka pansi, ndipo bamboyo ankamuuza za masewero oyamba a mu August ngati kuti ndi mawa.

Pobwerera m'minibasi simunagonedwe. Ena ananena kuti za ku England sizingatheke kwathu, kumene sapota amavutika kupeza ngakhale ya pageti, ndipo mabwalo ambiri a m'maligi a m'zigawo alibe mpanda woti n'kulipiritsa anthu. Mfundoyi ndi yoona, ndipo palibe amene akuganiza kuti anthu a kumudzi kwathu angabwereke timu mamiliyoni. Koma ine ndinaima ndi amene ananena kuti vuto lathu lalikulu ndi chizolowezi choyembekezera munthu mmodzi. Ngakhale matimu athu akuluakulu mayina awo akhala akusintha motsatira wothandiza: Bata Bullets inakhala Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets, kenaka Nyasa Big Bullets, ndipo Wanderers yadutsa mu Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Awa anapulumuka chifukwa ali ndi masapota ochuluka, pamene MDC United, imene inatengapo ligi, inazimirira kampani yake itatha. Timu yaing'ono ngati yathu, imene imatsitsimuka nthawi ya kampeni andale akabweretsa bonanza n'kufotanso chisankho chikadutsa, ilibe pothawira pena kupatula kwa anthu a m'dera lake lomwelo.

Tinagwirizana kuti pamsonkhano ukubwerawu tidzapereke ganizo loti thandizo lathu lotsatira lisakhale majezi, koma lithandize komiti ya kumudzi kulemba malamulo a timu, kutsegula akaunti ya kubanki ya osayinira atatu, ndi kuyambitsa kaundula wa mamembala opereka kandalama kochepa pamwezi, kapena chimanga ndi mtedza nthawi yokolola kwa amene ndalama ikuwavuta. Chimene sitinamvane ndi chakuti kodi ife okhala kunja, amene tidzapereke zambiri, tidzakhalenso ndi voti imodzi yokha monga mlimi wopereka ndowa ya chimanga. A Tcheya akuti inde, amsungichuma akuti ayi, ndipo tinafika ku Leicester usiku kwambiri nkhaniyo isanathe. Tikupempha akuluakulu a komiti ya kumudzi kuti atitumizire maganizo awo pa mfundo imeneyi msonkhano usanachitike, ndipo amene sanamalize kupereka ya minibasi aonane ndi amsungichuma.