Lonjezo la Januwale, mayeso a pakati pa chaka

Chaka chino ndinalonjeza chinthu chimodzi chokha: kulembanso mayeso a MSCE kuti ndikonze Masamu ndi Chingerezi. Satifiketi ndili nayo kale, koma yadzaza ma 7 ndi ma 8, ndipo pa kawerengedwe ka MANEB amenewo ndi mapasi chabe. Kirediti ndi kuyambira 6 mpaka 3, pomwe 1 ndi 2 ndi disitinkishoni. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite za boma pamafunika makirediti asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Sukulu imeneyo ndikuifuna ndi mtima wanga wonse.

Usiku wa pa 31 Disembala, tchalitchi chitadzaza, anthu akuimba kudikira chaka chatsopano, kulonjeza sikuvuta. Koma lonjezolo limagwera m'mwezi wowawa kwambiri kwathu kuno. Ndalama zinathera pa Khirisimasi, fizi ya temu yachiwiri ikufunika, chimanga chakwera mtengo pamsika, kumunda nako kukudikira kupalira, kubandira ndi feteleza wobereketsa. Malungo ndiye nyengo yake. Munthu waweruka kuntchito mvula ikukhuthuka, wafika pakhomo nsapato zili matope okhaokha, magetsi azima. Buku la Masamu alitsegula ndi mphamvu ziti? Ine sindivomereza kuti onse amene amasiya mu Febuluwale ndi aulesi. Ambiri amalonjeza poganiza kuti changu cha usiku uja chidzawaperekeza chaka chonse, pomwe changu chimatha msanga kuposa ufa wa m'thumba.

Chimene chikundigwira ine ndi kalendala. Mayeso a MSCE amalembedwa chapakati pa chaka, cha mu Juni ndi Julayi, choncho wophunzira alibe miyezi 12 ngati anzake olonjeza zina. Ndinatenga silabasi n'kuyamba kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera ku mwezi wa mayeso, mutu uliwonse ndi sabata yake. Pepalalo ndinalimata kuseri kwa chitseko. Mawu akuti "ndiziwerenga kwambiri" ndinawataya, chifukwa satiuza choti tichite Lachiwiri m'mawa. Pano papepala pamalembedwa kuti: mafunso asanu a ma quadratic equation, kuchokera m'mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Ntchito yotere ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo ndikaimaliza ndimachonga ndi bolopeni yofiira.

Nthawi yanga ndi m'bandakucha, ana asanadzuke. Madzulo ndimayaliratu kope patebulo, lotsegula pa funso loyamba, pensulo yosongoka ili pakati, nyali ya sola yotchajidwa kale ili pambali. Foni imagona m'thumba la jekete kuchipinda china, chifukwa WhatsApp ikangotsegulidwa ola lapita. Kukonzeratu kumeneku kumaoneka kwachabe, koma m'mawa wozizira munthu akayamba kufunafuna rula ndi kakyuleta, bulangete limamuitananso.

Chachikulu kwambiri ndi anthu. Ndimaphunzira ku sukulu ya openi, kumene timalowa masana ana a yunifolomu akaweruka. Muli amayi a geni, anyamata a kabaza, alonda ochokera ku ntchito ya usiku. Ena anasiya sukulu Physical Science isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry, ndipo akuyamba ngati atsopano. Tinapanga kagulu kokumana Loweruka. Mayi wina wa m'gululo, wogulitsa tomato, amabwera ndi kope lokutidwa ndi pepala la pulasitiki la shuga kuti lisanyowe, ndipo ndikajomba amandifunsa mosazungulira: "Achimwene, dzulo munali kuti? Funso lija la ma vector tinakusungirani." Kudziwa kuti wina akundidikira ndi funso kumandidzutsa ngakhale tsiku limene mtima sukufuna.

Masiku ophonya alipo ndithu. Kumagwa maliro, mwana amadwala, thupi limakana. Lamulo langa ndi lakuti tsiku lophonya si ngongole. Sindiunjika ntchito ya dzulo pa ya lero, chifukwa mulu ukakula ndi pamene munthu amathawa n'kunena kuti ayambanso chaka chamawa. Ndimangopitiriza pamene ndinalekezera, ndipo Lamlungu madzulo ndimasuntha mitu pakalendala kuti igwirizane ndi mmene zinthu zilili.

Sabata ino ndili pa trigonometry, ndipo Loweruka ndi ine wofotokozera gulu sine rule pabolodi.