Dungeons & Dragons Loweruka lino ku Rosettenville

Abale a ku Joni, Loweruka lino tikusewera Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthano, ku Rosettenville, 2 koloko masana. Amene simunasewerepo, musaope mabuku odula aja. Malamulo oyambira, a Wizards of the Coast, kampani ya masewerawa, anawaika ulere pa intaneti, mungowerenga pafoni. Chofunika ndi madayisi a mbali zosiyanasiyana, makamaka ya mbali 20, pensulo ndi pepala basi.

Koma inu otsogolera nkhani, amene mumafotokozera osewera zomwe zikuchitika m'nthanomo, lekani kulemba zonse pasadakhale. Osewera sayenda njira yomwe mwawalambulira. Inu mwabisa chinjoka m'phanga, iwo atha madzulo onse akunenerera mtengo wa hatchi pamsika! Konzani vuto limodzi ndi anthu atatu oti akumane nawo, zinazo zibwera zokha.

Wochedwa akapeza munthu wake wa m'nthano atadyedwa kale ndi tizilombo totchedwa ma goblin, asadandaule. Nsima ilipo, ndiwo mubwere nazo.