Nkhani zokwera ndi mavoti: ndani kwenikweni akusankha?

Reddit, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amagawana nkhani nkumazivotera, ndimaikonda ine, ndisaname. Palibe mkonzi wakhala mu ofesi kukusankhira zoti uwerenge lero, aliyense amangoponya linki ya nkhani, ena nkumadina kamuvi koloza m'mwamba ngati yawagwira mtima kapena koloza pansi ngati ndi zopanda mutu, ndiye yovoteredwa kwambiri imakwera pamwamba. Steve Huffman ndi Alexis Ohanian anaiyambitsa mu 2005, pomwe Digg, tsamba lina la Kevin Rose, inali itayamba kale mu 2004 ndi nzeru yomweyi.

Ubwino wake ndi weniweni. Nkhani imene akuluakulu akufuna ikwiriridwe imatumphuka basi. Mu May 2007 a Digg anayamba kufufuta manambala amene anthu ankaika patsambalo otsegulira chitetezo cha ma HD DVD (madisiki a mafilimu) maloya atawaopseza, anthu anakwiya nkudzadza tsamba lonse loyamba ndi manambala omwewo mpaka Kevin Rose anagonja nkusiya kufufutako. Mphamvu ngati imeneyi owerenga nyuzipepala analibe.

Koma chomwe chimandisowetsa mtendere nchoti timati gulu ndi lomwe lasankha, chonsecho mavoti ake salemera mofanana ayi. Masamu amene Reddit inkagwiritsa ntchito kale, nthawi imene khodi yake (malamulo a kompyuta oyendetsera tsambalo) inali poyera, ankati mavoti 10 oyamba akankhe nkhani mofanana ndi 90 otsatira, ndipo kuti ikwerenso sitepe ina pankafunika ena 900, komanso nkhani yatsopano inkapatsidwa mwayi kuposa ya dzulo. Ndiye taganizani, anthu ochepa amene anali pa intaneti mphindi zoyambirira zija ndi amene agamula, enafe tikungobwera kudzaombera m'manja zomwe tapeza zili kale pamwamba.

Ndipo anthufe timatsatira unyinji, ngati pamsika pomwe ogula amathamangira benchi yomwe pali kale gulu osayang'ana nkomwe tomato wa mayi wapafupi. Mu 2013 Lev Muchnik, Sinan Aral ndi Sean Taylor anatulutsa kafukufuku mu magazini ya Science, iwowa ankangoika voti imodzi yabwino mwachisawawa pa ndemanga zatsopano patsamba lina la nkhani, pamapeto pake ndemanga zimenezo zinapeza mapointi okwera ndi 25 peresenti kuposa zinzake. Voti imodzi yokha, yosayang'ana nkomwe zomwe zalembedwa! Ndiye wofuna kubera savutika, amangotsegula maakaunti angapo nkudzivotera yekha m'mawa. Pa Digg mu 2010 linaululika gulu lotchedwa Digg Patriots lomwe linkapangana kukwirira nkhani zosagwirizana ndi ndale zawo.

Nthawi nayonso imatipondereza. Ku Lilongwe ikamakwana 8 koloko m'mawa ku New York kumakhala kuli pakati pa usiku, ndipo poti ovota ambiri ndi aku America, nkhani ya kuno ukaiika nthawi imeneyo pamasamba akuluakulu imangomira osaonedwa.

Chowawa kwambiri chinachitika mu April 2013 mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston. Anthu pa Reddit anadzisandutsa apolisi, kumaunika zithunzi, kumavotera zongoganizira mpaka dzina la mnyamata wina wapayunivesite yemwe anali atasowa linafalikira kuti ndiye wachiwembu. Sanali iyeyo. Makolo ake amene ankamufunafuna ndi misozi anayamba kuzunzidwa, kenako mtembo wake unapezeka mu mtsinje, ndipo a Reddit anapepesa poyera. Ambiri amene ankadina kamuvi kaja sanafufuze kalikonse, zinangowamvekera ngati zoona.

Nchifukwa chake masiku ano ndimakhala kwambiri m'timagulu ta pa Reddit tokhala ndi oyang'anira okhwima ngati r/AskHistorians, kagulu kofunsirako mafunso a mbiri yakale. Kumeneko ukayankha funso mwachidule popanda umboni amafufuta, kaya wavoteredwa ndi anthu mazana angati, moti nthawi zina umatsegula funso nkupeza mayankho onse achotsedwa, nkudikira mpaka mawa kuti abwere munthu woidziwadi nkhaniyo alembe bwinobwino ndi kutchula komwe wazitenga.