Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chipinda cha zenera

Ndabweranso. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka inu amene munati nanunso munadikirirapo kholo m'chipatala. Mauthenga ena ndinawawerenga kawiri. Paja tinalekezera pamene amayi anagonekedwa kachiwiri, achemwali atabwerera kukaona ana, ine nditatsala ndekha pambali pa bedi.

Zoti khansa yafalikira anatiuzira m'kolido. Chipatala chake sinditchula, ndipo adokotala aja sindiwasungira mangawa, analibe kwina kotitengera. Tinali pa benchi yachitsulo, yozizira, moyang'anana ndi khoma. Babu la pamwamba pathu linkangophethira. Iwo anayankhula chiimirire, motsitsa mawu, pepala lili m'manja, ndipo nkhani ili pakati anachita kupatuka kuti machira adutse. Atachoka, amayi sanalire. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pobisa nkhope, koma konsekonse kunali maso a anthu. Ndiye anayamba kundikonza kolala ya malaya, kuikonza, kuikonzanso, chonsecho inali bwinobwino. "Mwanangu, usalire pano, anthu akuona." Ndinameza misozi mpaka pakhosi kuwawa. Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala okolopera pansi, benchi ija ndimaimva kuzizira m'miyendo.

Patapita masabata awiri anatisamutsira kuchigawo china. Madzulo a tsiku lomwelo nesi wachikulire uja ndinamutchula m'gawo lapita anandikodola. "Atengeni amayi, tabwerani kuno." Kanali kachipinda kakang'ono. Chitseko chotsekeka. Mipando iwiri yofewa, umodzi wotheka kuuwongola kuti wodikirira agonepo. Ndiye zenera lalikulu, kunja kwake mtengo, masamba akugwedezeka. Pakhoma panali kachikwangwani ka mayina a anthu amene anapereka ndalama zokonzera chipindacho, anthu amene sitinawaonepo ndipo sanatidziwepo.

Nesi atakoka chitseko, amayi analira. Analira misozi ya masabata awiri, ine nditawagwira dzanja, wopanda wotiyang'ana. Atatha anapukuta kumaso n'kunena, "Mtengo uwu uli ndi mbalame." Usiku umenewo anagona tulo teniteni koyamba chigonekedwere. Miyezi inayi imene anakhala ndi moyo pambuyo pake, zokamba zathu zofunika zonse zinakambidwira mmenemo.

Zaka zisanu zinadutsa. Ntchito, kusamuka, kubadwa kwa mwana wachiwiri, zimenezo n'za gawo lina.

Tsopano nkhani imene ena mwakhala mukuifunsa. Inde, gawo langa la zimene amayi anasiya ndinalipereka ku thumba la zachifundo la chipatala chija, ndipo ndinalemba kuti ligwire ntchito ya zipinda zotere. Alamu anga aja sanakondwe. Anandinena pamaso pa abale kuti ndataya chuma pa mipando ndi makatani anthu akusowa mankhwala. Alamu, ndikudziwa mumawerenga. Tsiku lija ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, lero ndiyankhe.

Ndalama zoyendetsera chipatala zimathera ku malipiro, mankhwala, makina ndi magetsi, ndipo n'koyenera kutero. Mpando wa wodikirira, kamunda kopumulirako odwala, chipinda chouziramo banja uthenga wowawa, zimenezi zimakhala kumapeto kwa mndandanda chaka ndi chaka. Thumba la mphatso limasungidwa padera, lili ndi oliyang'anira ake, ndipo wopereka amatha kunena ntchito imene akufuna. Sindinalande wodwala aliyense jakisoni.

Komanso si zokongoletsa chabe. Mu 1984 Roger Ulrich anasindikiza m'magazini ya Science zimene anapeza pa odwala 46 a pachipatala china ku Pennsylvania, onse ochitidwa opaleshoni yochotsa ndulu. Theka mazenera awo ankayang'ana mitengo, theka linalo khoma la njerwa. Oona mitengo anatuluka msanga, pafupifupi ndi tsiku lathunthu, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira amayi ndi mbalame zawo.

Koma amene anandigwira mtima ndi Maggie Keswick Jencks wa ku Scotland. Mu 1993 anauzidwa kuti khansa yabwerera, kenako anakakhala m'kolido yopanda zenera kuti nkhaniyo imulowe. Ndinaika foni pansi, manja akunjenjemera, poti inali kolido yathu yomwe ija. Iye anamwalira mu 1995, koma nyumba imene anaiganizira, yoti odwala khansa azikhalamo mwamtendere pafupi ndi chipatala, inatsegulidwa ku Edinburgh mu 1996. Lero nyumba za Maggie's zilipo zambiri ndipo zimadalira zopereka za anthu. Ndiye pali David Tasma, wodwala khansa amene pomwalira mu 1948 anasiyira Cicely Saunders, mayi amene ankamusamalira, mapaundi 500 n'kumuuza kuti iye adzakhala zenera m'nyumba yosamaliramo odwala otsala pang'ono kumwalira imene mayiyo ankaiganizira. Nyumbayo, St Christopher's Hospice ya ku London, inatsegulidwa mu 1967, patatha zaka 19. Munthu ali pafupi kufa, chimene anasankha kukhala ndi zenera.

Kwa inu amene munafunsa ngati ndalama zotere sizisowa: funso labwino. Ine ndinapempha risiti, ndinapempha lipoti la pachaka, ndipo ndinapita kukaona ndi maso. Chitani chimodzimodzi, musachite manyazi.

Tsiku limene ndinapitako ndinapeza chipinda chachiwiri chitatha, moyandikana ndi chija. Dzina la amayi lili pa kachikwangwani, lachitatu kuchokera pansi. Sindinalowe, chitseko chinali chotseka ndipo mkati munkamveka mawu a bambo wina akuyankhula pang'onopang'ono ndi mwana. Ndinazungulira kunja n'kukaima pansi pa mtengo uja. Wakula, nthambi zafika padenga.

Gawo lotsatira ndifotokoza za kalata imene amayi analembera m'chipindamo, imene achemwali anaisunga zaka zitatu osandionetsa.